Ukwati wa Agogo Edna Wosowa M'kaundula

Hettie Cammish anatsika basi ku Hobwick Lamulungu lina la mu Epulo, chithunzi chili m'thumba la jekete, ukwati wonse uli m'mutu. Diresi anali ataliona kale pa windo la sitolo ina kwawo ku Hull, ndipo ankapita kukalizonda ngati m'bale wodwala. Maluwa anali atasankha. Tsiku linali Loweruka lachitatu la mwezi wa Juni, ndipo anzake onse anali atawauza, ngakhale aja osafunsa. Chotsala chinali chimodzi basi: abusa avomere kuti iye ndi bwenzi lake Joss akamangitse ukwati m'tchalitchi cha Oswald Woyera, chija chinakhala chokhachokha m'mphepete mwa phompho, nyanja ikuwinduka m'munsi mwake.

Pa foni abusa a Linfoot anali atamuuza momveka. Kwa munthu wonga iye, wosakhala m'parishimo, wosabatizidwiramo, njira zinali ziwiri: asonyeze kuti makolo ake kapena agogo ake anakwatirira m'tchalitchicho, apo ayi azibwera kudzapemphera nawo kwa miyezi isanu ndi umodzi. Njira yachiwiriyo inalowera khutu ili n'kutulukira linalo. Miyezi isanu ndi umodzi! Munthu wa zaka makumi awiri, mtima uli m'malere, angadikire mpaka Okutobala? Nanga adikirirenji, umboni ali nawo m'thumba?

Anakwera masitepe onse zana limodzi ndi makumi anayi opita kutchalitchiko osapuma, n'kufika pamwamba mapemphero a m'mawa atangotha. Anamulowetsa m'kachipinda ka kuseri, kosungiramo mikanjo ndi mabuku. Abusa a Linfoot anali mayi wamtali wa nsapato zamatope, woyang'anira matchalitchi asanu, maso osachoka pa wotchi. Pambali pawo panali a Pennifold, mphunzitsi wopuma amene anabwera kuchokera kummwera zaka khumi ndi zinayi zapitazo n'kudzipatsa yekha ntchito yolemba mbiri ya mudziwo. Ubatizo uliwonse, ukwati uliwonse, maliro aliwonse a m'parishimo anali atawakopera pa timakhadi, timakhaditi n'kutindanda m'makatoni a nsapato.

Hettie anayala chithunzi chija patebulo monyadira. Agogo ake, malemu Edna, anali ataima atavala zoyera, mphepo itanyamula chophimba kumutu chawo. Agogo aamuna, malemu Wilf, anali atawagwira mkono, khosi litafinyika m'kolala. Kumbuyo kwawo kunali chitseko chomwecho chimene Hettie analowera, misomali yake ikuluikulu ija ikuoneka bwinobwino. Kuseri kwa chithunzicho kunali mawu a inki: Edna ndi Wilf, Juni 1958.

"Chitseko n'chathu ndithu," anatero abusa. "A Pennifold, tapezani khadi lake tisaine, ineyo akundidikira kwina."

A Pennifold anavala magalasi, n'kuyamba kuyendetsa zala m'katoni. Anayenda Juni yense. Anabwerera. Anayenda chaka chonse, kenaka chaka cha m'mbuyo mwake, kenaka cha kutsogolo. Nkhope yawo, m'malo mokwinyika, inayamba kuwala.

"Mulibe," anatero, ngati akulengeza za mwana wobadwa.

"Mulibe bwanji?" anafunsa Hettie. "Si awa apa?"

"Pachithunzipo alipo, chemwali. M'kaundula mulibe. Ndinu wa nambala khumi ndi awiri."

"Wa nambala khumi ndi awiri pa chiyani?"

A Pennifold anatsegula kabati n'kutulutsa envulopu yaikulu. Munali zithunzi khumi ndi chimodzi, zonse za akwati, onse ataima pa chitseko chomwecho, ena a 1931, ena a 1949, ena a 1962. Onsewo, anatero mkuluyo, maina awo sankapezeka m'buku la maukwati. Ndiye kuti panali buku lina, lachiwiri, limene linasowa. Iwo anali atalifuna m'nsanja ya belu, m'bokosi lakale la pansi pa guwa, ngakhale kosungira zolemba zakale ku boma. Analembapo nkhani katatu m'kanyuzi ka parishi.

"Likadzapezeka, chemwali, mudzakhala woyamba kumva."

"Likapezeka liti? Ukwati wanga ndi wa mu Juni!"

"Ndakhala ndikulifuna zaka zisanu ndi zinayi," anatero a Pennifold mofatsa. Kenaka chala chawo chinaima pa khadi lina. "Koma taimani. Wilfred Cammish ndi uyu apa. Msodzi. Anakwatira m'tchalitchi muno mu Novembala 1957."

Mtima wa Hettie unadumpha. "Ndi omwewo! Mwina agogo anangolakwitsa chaka."

"Anakwatira Doris Leng."

Kunja mbalame za kunyanja zinkalira ngati zikuseka.

"Doris ndiye ndaninso?" anafunsa Hettie, mawu ali pansipansi.

"Mwana wa mlimi wa kumtunda. Wilfred wanuyo bambo ake anali ndani? Tikadziwa zimenezo tisiyanitsa, chifukwa a Cammish m'mudzi muno ali mbwee ngati mchenga."

Hettie anayesa kukumbukira dzinalo. Sankalidziwa. Ankadziwa kuti agogo Wilf ankakonda tiyi wakuda bii, ankadziwa nyimbo imene ankaimba akamameta ndevu, koma bambo awo? Abusa anayang'ana wotchi, n'kumugwira paphewa.

"Popanda dzina m'kaundula manja anga ndi omangika, Hettie. Chithunzi si umboni. Ndibweranso folo koloko kudzachititsa mapemphero a madzulo. Mukapeza kanthu mundipeza."

Hettie anayamba kutsika masitepe aja. Mutu unkangozungulira. Agogo Wilf anakwatira Doris mu Novembala, n'kudzaimanso pa chitseko chomwecho ndi agogo Edna mu Juni? Ndiye Doris anamwalira? Kapena anamuthawa? Hettie anamuona Doris m'maganizo, wotuwa, ataima pa windo la nyumba ya pafamu akuyang'ana kunyanja. Anaonanso agogo Edna akuthamanga m'mvula, nsapato m'manja, kukakumana ndi mwamuna wa mwini pansi pa bwato logudubuzika. Zinamukoma pang'ono, kenaka zinamuopsa. Ngati zinali choncho, ndiye kuti ukwati sunachitike n'komwe, diresi loyera lija linali lonamizira, ndipo bambo ake a Hettie...

Anakhala pa sitepe ya pakati n'kuimbira Joss. Mnyamatayo anayankha ali kunsi kwa galimoto, mawu akumveka ngati ochokera m'chitsime.

"Joss, agogo anga anali ndi akazi awiri."

"Ati? Aja ankaopa kupempha shuga kawiri?"

"Usaseke! Kapena sanakwatirane n'komwe. Kapena buku linasowa. Sindikudziwa."

"Ndiye zitatuzi zoona ndi ziti?"

"Ndati sindikudziwa!"

"Hettie, ine ukandiuza kuti tikakwatirane pa siteji ya basi ndibwera nditavala tayi. Si tchalitchi chimene ndikukwatira."

"Iwe sumva kanthu," anatero Hettie, n'kudula foni. Kenaka anadzimvera chisoni, n'kumutumizira kachithunzi ka mtima.

M'mudzimo munatsala munthu mmodzi yekha wa magazi ake amene ankamudziwa: agogo Maud, mng'ono wawo wa agogo Edna, a zaka makumi asanu ndi atatu kudza zisanu ndi zinayi, amene ankakhala m'kanyumba kopanikizika kuseri kwa doko. Hettie anali atawaona komaliza pa maliro a agogo Edna. Anawapeza atakhala pampando wawo, miyendo ili pa kampando kena, akuonera mpikisano wa akavalo pa TV, chitini cha mabisiketi chili pamiyendo.

"Ndani ameneyo? Ukuima pakhomo ngati wobwera kudzawerenga mita. Lowa, utseke, mphepo ikundilowa m'mafupa."

"Ndine Hettie, agogo. Mwana wa Graham."

"Ndakuona kale, mphuno imeneyo ndi ya kwa Cammish, sibisika. Waonda. Ku Hull kulibe chakudya? Ika ketulo pamoto."

Hettie anaika ketulo, koma kudikira kuti madzi awire kunamukanika. Anagwada pafupi ndi mpando uja n'kutulutsa chithunzi.

"Agogo, ndiuzeni zoona, sindine mwana. Doris Leng anali ndani kwa agogo Wilf?"

Agogo Maud anachotsa maso pa akavalo. "Doris? Doris wa mano aja? Anali mlamu wawo. Anakwatiwa ndi Wilf Wamtali."

"Wilf Wamtali?"

"Msuweni wake wa Wilf wathu. Wathuyu anali Wilf Nkhanu, chifukwa ankayenda chammbali akaledzera. Panalinso Wilf wa Annie, koma ameneyo anamira. Bwanji? Wafera chiyani Doris?"

Mtima wa Hettie unakhala pansi. Mkazi wotuwa wa pa windo uja anazimiririka, ndipo, chodabwitsa, anamusowa pang'ono. Koma mfundo inali isanamasuke.

"Ndiye n'chifukwa chiyani agogo Edna mulibe m'kaundula wa ku tchalitchi? A Pennifold akuti pali buku lina linasowa."

Apa agogo Maud anayamba kugwedezeka. Poyamba Hettie anaganiza kuti atsamwidwa ndi bisiketi. Kenaka anazindikira kuti n'kuseka, kuseka kopanda mawu, misozi ili chuchuchu.

"Akulifunabe? Mayo ine! Bambo amene uja adzafera m'nsanja ya belu."

"Ndiye buku lilipo?"

"Kulibe buku, mwana iwe. Edna akanalowamo bwanji m'kaundula wa a tchalitchi cha pamwamba? Ife ndife a pansi. Ndife a Metodisiti. Bambo athu akanamva kuti mwana wawo wagwada pamaso pa wansembe wa pamwamba, akanamutaya m'doko ndi diresi lomwelo. Edna anakwatirira m'kachisi wathu, kuseri kwa nyumba yowambira nsomba. Ine ndinamugwirira maluwa."

Hettie anayang'ana chithunzi, n'kuyang'ana agogo, n'kuyang'ananso chithunzi. "Koma chitseko ichi..."

"Chitseko n'cha pamwamba, eya. Kodi kachisi wathu unamuona? Kanjira kake n'kopapatiza moti anthu awiri onenepa sapambanamo. Dzuwa silifikamo. Wojambula akati abwerere m'mbuyo kuti mukwane nonse, msana wagunda kale khoma la nsomba, utsi uli tolotolo. Chithunzi cha amayi athu chinatuluka chakuda bii, mumangooneka mano a bambo. Ndiye anthu anati ayi, zokwanira. Ukwati ukatha m'kachisi, tonse tinkakwera masitepe, mkwatibwi patsogolo, ana akunyamula mchira wa diresi, kukajambulitsa pa chitseko cha a pamwamba. Kuwala kulipo, nyanja ili apo, chitseko chokongola. Tikatha, n'kutsika kukadya nyama ya nkhumba ndi tiyi."

"Osalowa m'kati?"

"Kulowa? Ndani? Ngakhale phazi pa mwala wa pakhomo sitinkaponda. Tayang'ana bwino pamene waima Edna."

Hettie anayandikitsa chithunzicho kumaso. Zoonadi, nsapato zoyera za agogo Edna zinali pa udzu, mwala wa pakhomo uli kumbuyo kwawo, wosapondedwa. Chitseko chinali chotseka. Zaka zonsezi chithunzichi chinali pa kabati ya kwawo, iye akuchiyang'ana mpaka kuchiloweza, koma sanadzifunsepo chifukwa chake akwati angaime pa chitseko chotseka.

"Nanga wansembe sankakuthamangitsani?"

"Ankayang'ana kumbali. Nsomba zake za Lachisanu ankazipeza kuti?"

"Ndiye bwanji simunawauze a Pennifold? Zaka zisanu ndi zinayi, agogo!"

"Anandifunsa? Amafunsa mapepala. Anabwera kuno kamodzi kudzandifotokozera ine mbiri ya msewu umene ndinabadwira. Ndinangomupatsa bisiketi." Anapukuta maso ndi chala. "Komanso nkhani zake za m'kanyuzi zimatisangalatsa. Ketulo ikulira iyo."

Hettie anathira tiyi, wina n'kutayikira m'mbale. Tsopano zonse zinali poyera, koma m'mutu mwake munali chimodzimodzi ngati m'mawa, mwinanso kuposa. Agogo ake anakwatirana bwinobwino, zimenezo zinali zokondweretsa. Koma anakwatirana malo olakwika. Kapena malo olondola, iye ndiye anali wolakwika? Chiyambire ali wamng'ono ankadziona akutuluka pa chitseko chimenecho monga anatulukira agogo Edna, belu likulira, mphepo ikunyamula chophimba kumutu. Tsopano akumva kuti agogo Edna sanatulukepo, chifukwa sanalowemo.

"Kaundula wa ku kachisi sangathandize?" anafunsa, ngakhale yankho ankalidziwa.

"Kwa a pamwamba? Ukawaonetse, akakuuza kuti n'zokongola, n'kukubwezera."

"Ndiye ndikakwatirira m'kachisi momwemo, ngati agogo."

"Pita. Masiku ano amagulitsamo ayisikilimu ndi timafosholo ta ana tokumbira mchenga. Ukakwatirire pakati pa mafiriji."

Hettie anakhala pansi n'kubisa nkhope m'manja. "Ndinawauza kale anthu onse kuti ndi mu Juni."

"Ndiye chita zimene tinkachita ife. Kalembetseni ku boma ku Hull m'mawa, mukwere galimoto, mudzajambulitse pa chitsekocho masana. Ndani adzadziwe? Zidzukulu zako zidzabwera kudzasokoneza Pennifold wina."

Hettie anaseka, koma kusekako sikunafike pamtima. Nzeruyo inali yabwino. Juni akanakhalapo, diresi likanakhalapo, chithunzi chikanafanana ndendende ndi cha agogo. Nanga n'chiyani chinkamuletsa kudumpha ndi chimwemwe?

"Apo ayi ndidikire mpaka Okutobala," anatero pang'onopang'ono, ngati akulawa mankhwala. "Ndizibwera kudzapemphera."

"Iwe? Kudikira? Unabadwa masabata atatu nthawi isanakwane, amayi ako ali pa mzere m'sitolo." Agogo Maud anaviika bisiketi mu tiyi. "Okutobala kuno mphepo imazula zipewa. Komanso ine mu Okutobala kaya ndidzakhala ndilipo, adziwa ndi Mwini wake."

"Agogo, musatero!"

"Usandiike pa sikelo yako, mwana iwe. Ndikhalepo ndisakhalepo, m'katimo sindingalowe. Ndidzakudikira pa udzu, ngati wina andinyamula pa masitepe paja. Kweza TV, akavalo anga akuyamba."

Hettie anatuluka nthawi itapitirira fili koloko. Anadzera kuseri kwa doko kuti akaone yekha. Kanjira kanali kopapatiza ndithu, kamdima, konunkhabe utsi wakale ngakhale nsomba anasiya kuwamba kalekale. Pamwamba pa khomo la sitolo ya ayisikilimu panali mwala wolembedwa chaka cha 1868, zilembo zina zitafufutika. Anayesa kuwaona agogo Edna akutuluka pamenepo, akukweza diresi kuti lisakhudze madzi a nsomba, akuseka. Anawaona. Anayesa kudziona yekha, koma sanadzione.

Anayamba kukwera masitepe. Pa sitepe ya makumi awiri anali atatsimikiza: Juni, ku boma, chithunzi pa chitseko. Pa ya makumi asanu anali atasintha. Pa ya makumi asanu ndi atatu anaganiza zongomutenga Joss n'kuthawira naye ku Scotland, osauza munthu. Pa ya zana anaiwala kuwerenga, n'kuima, mpweya uli wefuwefu, nyanja ili yotuwa mpaka kumene imakumana ndi thambo. Anafuna kulira koma sanadziwe kuti alirire chiyani.

Pamwamba anapeza chitseko chili chotsegula. Abusa a Linfoot anali m'khonde akuvula jasi, a Pennifold akugawa mabuku a nyimbo kwa anthu anayi okalamba.

"Mwapeza kanthu?" anafunsa abusa.

"Ndapeza. Anakwatirira ku kachisi wa a Metodisiti. Kuno anangobwera kudzajambulitsa. Onse ankatero, akuti kumusi kunalibe kuwala."

Mabuku awiri anagwa m'manja mwa a Pennifold. "Onse? Khumi ndi mmodzi aja?"

"Mukawafunse agogo Maud Verrill, kuseri kwa doko. Koma mupite akavalo atatha."

Mkuluyo anakhala pa benchi pang'onopang'ono, magalasi ali m'manja, milomo ikuyenda yokha. Mayi wina wokalamba wa chipewa chobiriwira anayang'ana mnzake, onse awiri n'kuyang'ana kudenga.

"Pepani, Hettie," anatero abusa. "Ndiye kuti za Juni m'tchalitchi muno sizitheka."

Hettie anali ataima pa udzu. Anayang'ana m'kati. Munali mdima pang'ono, fungo la sera ndi miyala yonyowa, kuwala kwa buluu kukugwera pa mabenchi kuchokera pa windo la kuguwa. Kunja kuno ndiye kunali kokongola, zoona, wojambula aliyense akanasankha kunja. Koma mawu aja, akuti ndidzakukonda mpaka imfa, iye ankafuna akawanenere m'katimo, amve mmene akamvekere pansi pa denga limenelo, mafunde akugunda pansi pa phompho.

"Abusa, miyezi isanu ndi umodzi ija mumayamba kuwerenga liti?"

"Tsiku limene mwayamba kubwera."

"Lero likhoza kuwerengedwa?"

Abusa anamuyang'ana, ulendo uno osayang'ana wotchi. "Mukakhala mpaka pa Amen womaliza. Koma mudziwe, si kubwera kamodzi n'kusowa. Kuchokera ku Hull ndi mabasi awiri."

"Atatu Lamulungu," anatero Hettie.

Anatulutsa foni n'kulembera Joss: Si Juni. Ndi Okutobala. Usandifunse, nanenso sindikumvetsa. Yankho linabwera asanaibweze m'thumba: Ndiye amene akauze amayi anga ndi iweyo.

Anazimitsa foni, n'kuponda mwala wa pakhomo. Mayi wa chipewa chobiriwira anasendera kuti amupatse malo, n'kumupatsira buku lotsegula kale. Limba linayamba kulira. Anthu anayi aja anaimirira, Hettie n'kuimirira nawo mochedwa, akusanthula masamba, osadziwa kuti nyimbo ili pa tsamba la kumanzere kapena la kumanja. Anangoyamba kuimba ya kumanja.